Nkhafi Yomira ku Area 43

Nkhafi inali itagona pansi penipeni pa dziwe losambiramo, phee, ngati chitsulo.

Sajenti Eveless Gladson anagwira m'maondo n'kusuzumira m'madzimo. Ku Area 43 anali ataitanidwako kambirimbiri, pa nkhani za ma TV obedwa, agalu odyetsedwa tameki ndi alonda ogona pa ntchito. Koma kudzutsidwa mamawa wa Loweruka chifukwa cha mtengo womira, kameneka kanali koyamba.

"Ndiye mwandiitanira chimthiko chimenechi?" anafunsa.

"Si mthiko, mwana wanga!" Amene anayankha anali bambo wachikulire wovala mkanjo woyera ndi kofiya. "Ndi nkhafi, yopalasira bwato. Koma ili m'madziyo si yathu ayi. Nkhafi simira! Munaionapo kuti nkhafi yomira?"

Eveless anali asanaionepo nkhafi ina iliyonse, yomira kapena yoyandama. Anabadwira ku Mitundu, ndipo nyanja ankaidziwira pa usipa umene mayi ake ankagulitsa mumsika waukulu wa ku Old Town. Anachita manyazi, napepesa.

Nyumbayo inali ya a Lexon Chikaonda, phungu wa dera la Chizumbi, kunyanja. Monga aphungu ena ambiri, iwo dera lawo ankalikonda kwambiri ali patali, kumene fumbi la owavotera silifika. Bambo wa mkanjoyo anali Che Rahim, msungi wa nkhafi ya makolo a asodzi a kumeneko. Aphungu anakawatenga kuti adzaonetse nkhafiyo pa chionetsero cha zachikhalidwe ku City Centre, n'kuwagoneka ku boyizikota.

"Kwathu nyanja timatseka kuti nsomba ziswane," anafotokoza Che Rahim. "Panopa maukonde ali lende pamitengo, ana akudya masamba okhaokha. Lolemba likubwerali ndiye lotsegula. Ndimaima pagombe, dera lonse lilipo, n'kumatchula zipsera za pa nkhafi chimodzichimodzi. Ichi ndi cha mwera umene unamiza mabwato. Ichi ndi cha moto wa pa doko. Ili ndi dzino la mvuu imene inalimbana ndi agogo anga. Chipsera chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo sitidumphako. Ndikamaliza ndimamenya madzi, mabwato n'kulowa. Popanda nkhafi nyanja sitseguka. Ndikapita chimanjamanja akati chiyani? Akati Rahim wakagulitsa makolo kwa azungu."

"Nanga yafika bwanji m'dziwemu?"

"Imamwa madzi m'mawa uliwonse, ndiwo mwambo wake. Kuno nyanja kulibe, ndiye ndimaimwetsa m'chibafa cha abwanachi. Lero nditangoinyamula, manja anandiuza kuti yalemera. Masowa ali ndi ng'ala, koma manja sanama. Mtima unakana. Ndinati madzi anene okha. Kungoisiya, pansi!"

"Munasiyana nayo liti?"

"Dzulo masana, popita kumzikiti. Ndinaisiya yokulunga m'nsalu yake, chitseko chokhoma. Pobwera sindinaivundukule."

Mlonda wa panyumbapo, a Shadrick, anaivuula ndi ndodo yochotsera masamba m'dziwe. Eveless ataigwira, zikhato zake zonse zinada bii. Ananunkhiza. Polishi wa nsapato.

Che Rahim anayendetsa zala pa mtengowo kuyambira kunsonga. "Mwera auika. Moto auika. Wallahi, wosemayu ndi katswiri." Zala zinakwera mpaka pogwirira, n'kuima. Zinabwerera, n'kuimanso pomwepo. "Koma dzino la mvuu palibe. Pali see!"

*

"Madam, nkhaniyi ndi ya simple, musavutike nayo."

Ameneyu anali Clive Fiskani, woyendetsa kampeni ya aphungu, mnyamata wa magalasi akuda ndi mafuta onunkhira ofika pamphuno mwini wake asanatulukire. Anaika kachitini pa tebulo la pakhonde monyadira, ngati mphaka wabweretsa khoswe.

"Polishi wakuda. Ndamupeza m'kanyumba ka mlonda. Basically, makiyi a ku boyizikota amasunga ndi iyeyo. Mumutenge, akanena yekha."

"Inuyo dzulo masana munali kuti?"

"City Centre, ndi Honourable. Ma meeting okhaokha, ngakhale lunch sitinadye. Panonso ali ku breakfast meeting."

"Mlonda angabe nkhafi kuti akaitani?"

"Azungu amagula zimenezi, madam. Kapena, basically, madala a mkanjowo aibisa okha kuti atiipitsire mbiri. Mukudziwa kuti mwana wawo, Sumayya, akupikisana ndi Honourable pa chisankho cha chipulula mwezi wamawa? Asodzi onse apenga naye. Ifeyo ndiye sitingataye nkhafi imeneyi. Taonani apa."

Anamusonyeza foni. Pachithunzipo a Chikaonda anaima chilili atavala suti, nkhafi ili m'manja, akumwetulira mano onse panja.

"Poster yatsopano imeneyi. Tinajambula ku Chizumbi mwezi watha. Sinapite n'komwe kwa osindikiza, ili m'foni muno mokha. Top secret."

Eveless anachiyang'ana chithunzicho kanthawi. Suti yokongola, kumwetulira kokongola. Dzanja lamanja la aphungu linali litafumbata pogwirira nkhafi, zala zonenepa zitaphimba malo aakulu ndithu. Anabweza foniyo, napita kukaonana ndi mlonda.

*

Eveless anawapeza a Shadrick m'kanyumba ka pageti, chipewa chili m'manja, thukuta kamukamu. Anali bambo wa ku Nsaru, wowonda, wa jombo zowala ngati galasi.

"Bwana, ine ndine mkulu wa mpingo. Polishiyo ndi wanga, sindikana. Amayi a m'nyumba muno safuna jombo zotuwa pageti pawo. Kodi kupolisha jombo wasanduka mlandu?"

"Nkhafi yeniyeniyo munaionapo?"

"Aa, tsiku lililonse! Che Rahim maso awo ndi ovuta, ndiye m'mawa ndimawagwira dzanja kuti asagwere m'dziwe. Anandikhudzitsa ngakhale pamene inaluma mvuu. Chala changachi chinalowa chonse."

"Dzulo masana, iwo ali kumzikiti, analowa ndani pageti pano?"

A Shadrick anayang'ana kunyumba yaikulu, kenako pansi. Anazunguliza chipewa.

"Bwana, ntchito ndi yosowa. Ana anga ali pasukulu. Galimoto ikaliza huta mwaukali, ine ndimatsegula maso ali pansi."

"Ndiye inalowa galimoto."

"Sindinanene ine zimenezo, bwana."

Eveless anawamvera chisoni. Mantha otere ankawadziwa bwino, ndi mantha a munthu amene amayenda wapansi kulowa m'dera limene eni ake amayenda pa galimoto. Sanawakakamize. Chimene ankafuna anali atachipeza kale. Munthu amene chala chake chinalowa m'dzino la mvuu sakanaiwala kumuuza wosema za dzinolo. Komanso mtengo wotere susemedwa masana amodzi. Nkhafi yabodzayi inasemedwa yeniyeniyo isanafike n'komwe mu Lilongwe, ndipo amene anaisema sanaionepo ndi maso.

Anaiponya kumbuyo kwa galimoto yapolisi. "Old Town," anauza dalaivala. "Kwa osema ziboliboli. Ponda!"

*

Pa msika wa ziboliboli anyamata anali atandanda kale njovu, mipando ndi mbale zamitengo, ena ali kalikiliki kuzipaka polishi ndi miswachi yakutha. Ataona yunifomu, aliyense anapeza choti ayang'ane kumbali. Eveless sanafunse funso. Anangoimika nkhafiyo pakati pawo n'kukweza mawu.

"Amene anasema chinthu ichi ndiye sadziwa ntchito. Taonani kupindika kwake!"

"Kupindika pati? Sisi, mundilankhule bwino!" Mwamuna wamfupi wa tsitsi lopotana analumpha pa chitsa chimene anakhalapo. Anzake anagwira kumutu. Ameneyu anali Chipulikano, ndipo kunyada kunali kutamugulitsa. "Ntchito yanga iyo, phingo weniweni, osati zopaka za anzangawa. Polishi ndinangowalitsira."

"Yamira m'madzi."

"Nanga isamire? Ndi phingo! Ine ndinawauza abwanawo kuti big man, mtengo uwu ndi wolemera, tipeze mlombwa. Akuti ayi, ndikufuna chakuda, chooneka chakale, cha class. Ndinangoti ndi zokoleka pakhoma. Kasitomala satsutsidwa, sisi."

"Munaonera pati posema?"

"Pa foni yawo. Kutumiza chithunzi anakana, akuti ndi chachinsinsi. Amabwera, ine n'kumasuzumira, iwo atagwira foni chonchi ngati ndiwalanda. Pachithunzipo pali chibwana china cha suti chitagwira mtengowo. Ndinafunsa ine, kodi pansi pa dzanja la biggy-wa pali chiyani? Akuti palibe, ingosalaza."

"Amaoneka bwanji?"

"Magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Perefyumu wake, ntchentche zonse za mumsika muno zinasamuka. Ndiye pakamwa, mawu awiri alionse, basically, basically."

Anyamata onse anaphulika nako kuseka. Eveless sanaseke nawo. Anali atagwira kale mkono wa Chipulikano.

"Tiyeni, mukawapatse moni kasitomala wanu."

*

Atabwerera ku Area 43 anapeza a Chikaonda afika, ataima pakhonde, mimba patsogolo, akuwatsimikizira Che Rahim kuti mlonda ameneyo aona polekera. Clive anali pambali pawo akugwedezera mutu. Atangoona amene akutsika m'galimoto yapolisi, mutu uja unasiya kugwedera.

"Big man!" anakuwa Chipulikano mosangalala. "Ndinakuuzani za phingo ine!"

"Munthu uyu sindikumudziwa," anatero Clive.

"Akudziwani ndi iyeyo," anayankha Eveless. "Akudziwanso chithunzi chimene mwandiuza nokha kuti chili m'foni mwanu mokha. Zipsera zonse zooneka pachithunzipo anazisema. Chimodzi chokha anachiphonya, dzino la mvuu, chifukwa linali pansi pa dzanja la abwana anu. A Shadrick dzinolo amalidziwa. Inuyo simunaligwirepo, ndipo m'mawa simudzuka, ndiye simunadziwe kuti nkhafi imamwa madzi. A Shadrick, ndikufunsaninso. Huta ya dzulo masana inali ya ndani?"

A Shadrick anayang'ana Che Rahim, amene anali atakhala pa sitepe atagwira tsaya.

"Ya abwana aang'onowa. Anatenganso makiyi a ku boyizikota."

Clive anavula magalasi. Popanda magalasiwo ankaoneka kamwana. Zonse zinatuluka mothamanga, Chingerezi ndi Chichewa zikupondana. Sankafuna kuigulitsa ayi. Ankafuna kuti madalawo, ndi maso awo ovutawo, apite kwawo ndi yabodza. Lolemba pagombe anyamata ena okonzeratu akanakuwa kuti nkhafi si imeneyo, Rahim wagulitsa. Bambo akanyozeka pamaso pa dera lonse, Sumayya angamuvotere ndani? Kenako chisankho chitayandikira, Honourable akanatulukira nayo yeniyeniyo, n'kunena kuti aiwombola kwa ogula.

"Ine zimenezi ndikuzimva koyamba!" anabangula a Chikaonda. "Mnyamata iwe, wandichititsa manyazi!"

Clive anawayang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. Eveless anaona kuyang'anako, ndipo kunamuwawa, chifukwa kuyang'ana sikulembedwa m'sitetimenti.

"Yeniyeniyo ili kuti?" anafunsa.

"Ku store, kuseri kwa garage. Ndinaiimika pakona, kumbuyo kwa migolo ndi mapoto."

Onse anathamangira kumeneko, ngakhale Che Rahim, atagwira phewa la a Shadrick. Clive anatsegula loko, nakankha chitseko.

M'chipindamo munali mbee. Migolo munalibe, mapoto munalibe, nkhafi munalibe.

"Inali apa!" analira Clive. "I swear, inali apa!"

"Migolo ndiye yapita m'mamawa," anatero a Shadrick. "Alinesi, wantchito wa m'nyumba, anakweza zonse pa lole. Kuli chinkhoswe mawa ku Area 47, kwa achemwali awo a amayi. Lero akuphika thobwa."

Eveless anaima chilili. Alinesi, mkazi wa kumtunda kuno ngati iye yemwe. Walowa m'chipinda mothamanga kudzatenga ziwiya za thobwa, wapeza mtengo wautali wa nsonga yophwatalala utaima pakati pa migolo. Akanati ndi chiyani? Mawu ake omwe a m'mawa uja anamubwerera ngati khofi.

"Chimthiko!" anakuwa. "Mayo ine! Aliyense m'galimoto!"

*

Dalaivala anayendetsa ngati wotumidwa ndi ziwanda. Anadutsa ma minibasi kumanzere, anakwera pamwamba pa mabampu osaponda buleki, a kabaza akumwazikira m'ngalande. Che Rahim anali atatseka maso akupemphera chamumtima. Clive anali kumbuyo, maunyolo ali m'manja, Chipulikano akumulangiza za mitengo. Galimoto yaikulu ya aphungu inkawatsata pambuyo.

Nyumbayo sanachite kuifunsa. Utsi unali tolotolo kuseri kwa mpanda, ndipo nyimbo za amayi zinkamveka mpaka kumsewu. Eveless analumpha galimoto isanaime, nakankha geti, nadutsa pakati pa mahema ndi mipando. Kuseri kwa nyumba migolo inali pamoto, amayi a zitenje zofanana akutakasa phala la thobwa.

"Alinesi ndi uti?"

"Ndine, bwana," anayankha mayi wina wojintcha, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Kwagwanji?"

"Mthiko wautali wakuda uja uli kuti?"

"Uja wa amayi watsopanowu? Iii, ndi wabwino, sumata pansi. Koma watalikitsa, ukugunda denga la shedi. Ndapatsa a Efelo aufupikitse."

Pamenepo Eveless anamva phokosolo. Linkachokera kuseri kwa thanki yamadzi. Khwee, khwee.

"Imani! Apolisi! Imani pomwepo!"

Anagubuduza chidebe cha chimera, nalumpha mulu wa nkhuni. Kuseri kwa thanki bambo wina wa ovolosi anali ataponda mtengo pa benchi, macheka ali m'manja. Atamuona anakweza manja onse m'mwamba, macheka n'kugwa pansi.

"Andituma ndi amayiwa, bwana! Ndangoyamba kumene!"

Eveless anainyamula nkhafiyo. Inali yopepuka modabwitsa, mlombwa wakale woda ndi manja a anthu, kunsonga kukudontha phala lotentha. Pogwirira, macheka anali atalowa pang'ono, bala loyera pa mtengo wakuda. Akanachedwa pa bampu imodzi yokha, akanapeza zidutswa ziwiri.

Amayi onse anali atasiya migolo. Anapatuka okha pamene a Shadrick ankadutsa ndi Che Rahim. Mkuluyo analandira nkhafi ndi manja awiri, naiyeza kulemera kwake, nayendetsa zala. Mwera. Moto. Zala zinakwera, chala chimodzi n'kulowa chonse m'dzenje la pogwirira. Misozi inatsika mpaka m'ndevu.

"Alhamdulillah. Ndi yomweyi." Ananunkhiza kunsonga, naseka misozi ili m'maso. "Lero ndiye yamwa thobwa."

Amayi aja analulutira, Alinesi akupepesa atagwada. Koma zala za Che Rahim zinali zisanamalize. Zinatsika pang'ono kuchoka pa dzino la mvuu, n'kupeza bala latsopano lija. Kuseka kunatha.

A Chikaonda anafika ali wefuwefu, akukonza tayi. Anali ataona amayi ambiri chotero, ena atatulutsa kale mafoni, ndipo nkhope yawo ya pa poster inali itabwerera.

"Tathokoza Mulungu, chuma cha dera lathu chapezeka! Che Rahim, kabala aka musadandaule nako. Ndili ndi kalipentala wanga, akamata bwinobwino, palibe adzadziwe. Ndipo Lolemba tipitira limodzi pa galimoto yanga. Bweretsani ndigwire, atijambule."

Anatambasula dzanja. Che Rahim sanaipereke.

"Bwana, chipsera sitimata, ndipo pagombe sitidumphako. Mvuu ija inafa kalekale, koma chaka chilichonse timaitchula." Anaika chala pa bala loyeralo. "Ili nalonso Lolemba ndikalitchula. Ndikati ili ndi la macheka a ku Lilongwe. Anthu akafunsa kuti nkhafi yathu inakatani ku macheka. Ndiye ndikawauza nyumba imene inagona, ndi mwini wake wa nyumbayo, ndi amene anaichotsa pakama panga, ndi chifukwa chake."

"Koma ine sindinadziwe kanthu! Sajenti, auzeni!"

"Ine ndikatenga sitetimenti ya a Fiskani, bwana," anatero Eveless. "Za pagombe si za apolisi."

"Che Rahim, tikambirane ngati akuluakulu. Chaka chino chokha, mungodumphako."

"Chaka chino, chaka chamawa, ndi chinacho. Ndikadzafa ine, wodzasungayo adzatchulabe. Adzukulu anu adzamva dzina lanu pagombe, pakati pa moto ndi mvuu."

Dzanja la aphungu linali likadali m'malere. Linatsika pang'onopang'ono, n'kukabisala m'thumba la suti.

Eveless anamva kukoma mumtima, kukoma kumene sanakumvepo pomanga munthu maunyolo. Che Rahim anapukuta nsonga ya nkhafi ndi mkanjo wawo woyera, osasamala kuti uda, naiika paphewa.

"Mwana wanga," anatero, "ukandisiye ku depoti. Kwathu anthu ali ndi njala."